Mbaula ya Roketi ndi Chifuwa cha a Tochi

Chisanu chitangoyamba kuluma, a Tochi anawagoneka m'chipatala. Chifuwa chawo, chimene kwa zaka zambiri chinkangolira ngati chitseko chosowa mafuta, tsopano chinafika pokana kulowetsa mpweya. Mwana wawo wamkazi, amene anthu ankangomutchula kuti Telala chifukwa cha makina ake osokera a pakhonde, ndiye anawaperekeza, ndiyenso ankawadikirira.

Dzina loti Tochi linabwera ndi ntchito. Mkuluyu anakalambira pa geti la nyumba yosungira katundu, ali mlonda, tochi m'manja, kamoto patsogolo. Atapuma pantchito anasamukira kwa mwana wakeyo, koma kamoto kaja sanakasiye kugeti. Kukangozizira, ankalowetsa mbaula ya makala kuchipinda, n'kutseka zenera, n'kutsekanso mpata wa pansi pa chitseko ndi chiguduli. Telala ankadziwa kuti bambo ake ndi munthu wa liuma, ndipo anali atatopa nazo zokangana nawo.

Tsiku lowatulutsa, namwino wa m'wodimo, mayi wachikulire wolankhula mosapita m'mbali, anamuitanira Telala pambali.

“Kunyumba bambowa amawotha chiyani?” anafunsa namwinoyo.

“Mbaula ya makala, anamwino. Timaiika kuchipinda kwawo kuti muzifunda.”

“Ndiye mvetserani, mayi. Mapapo a bambowa atopa kwambiri. Akazizidwa, chibayo chibwerera. Akapumanso utsi, abanika. Makala oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wa poizoni umene suoneka komanso sununkha. Munthu amangomva mutu, kenako tulo, ena sadzukanso. Sindikukuopsezani, koma mukapitiriza momwemo, nyengo yozizira inoyi mwina saimaliza.”

Telala anali atataya kale amayi ake, ndipo mkulu wovutayu ndiye kholo lokhalo limene linamutsalira. Anafunsa kuti, “Nanga nditani? Kuzizira ayi, moto ayi. Magetsi kwathu kulibe.”

“Sindinati moto ayi. Ndati utsi ayi,” anayankha namwino. “Musanapite, mudzere kuseri kuno, kumene odikirira odwala amakhala. Mukaone chimene mmisiri wina anatimangira.”

Kuseriko Telala anapeza chinthu chimene anali asanachionepo. Pakona panali mgolo wachitsulo wakuda, utaima chozondoka pa njerwa. Kuchokera pamgolopo, benchi lalitali la dothi linatsatira khoma, ndipo amayi angapo anali atakhalapo, ena atavula ndi nsapato zomwe. Anagwira benchilo, n'kumva kuti likufunda. Anayang'ana moto, osauona. Ananunkhiza, utsi kunalibe.

“Moto unazima kalekale, anzathu,” anatero mayi wina akuseka. “Timasonkha m'mawa basi. Khalani pansi mumve nokha, koma mudziwiretu kuti mukakhala simudzukapo.”

Madzulo ake achimwene ake a Telala anabwera kudzazonda bambo awo. Iwowa ndi dalaivala wa lole, munthu amene chilichonse amachidziwa asanachione. Atamva za benchi lofunda, anapukusa mutu.

“Mlongo, usavutike ndi zimenezo. Makala uziyamba wayatsira panja. Akafiira bwinobwino, utsi watha, ulowetse. Aliyense amatero.”

“Anamwino anena kuti makala ofiirawo ndiwo oopsa, achimwene, chifukwa munthu amaganiza kuti palibe kanthu.”

“Anamwino amadziwa jakisoni, za moto azidziwira kuti? Ndiye ukufuna kuika mgolo pabalaza? Anthu adzati tatsegula garaja.”

Kuchipinda kunkamveka bambo ake akutsokomola mpaka kumangolira m'khosi, ndipo kutsokomola kumeneko kunamuyankhira Telala. M'mawa mwake anapita kukafuna mmisiri uja.

Anamupeza pamalo ake owotcherera zitsulo, pakati pa mafelemu a mawindo ndi mawilibala othyoka. Anali munthu wamfupi, wanthabwala, wa ovolosi yobooka paliponse ndi moto. Telala atafotokoza vuto lake, mmisiriyo anatenga kachitsulo n'kuyamba kujambula pansi.

“Imeneyi timaitchula kuti mbaula ya roketi, mayi. Musaope, siuluka. Dzinalo ndi chifukwa cha kulira kwake ikamayaka. Apa pali kakamwa koikapo nkhuni, moimika. Moto suyaka chokwera ngati wa masiku onse, umakokedwa cham'mbali kudzera m'kanjira aka, kenako umakwera m'kansanja ka njerwa kamene kamabisala m'kati mwa mgolo. M'kansanjamo mumatentha koopsa, moti utsi womwe umapsa. Mpweya wotentha umagunda pamwamba pa mgolo, umatsika m'mbali, umalowa m'paipi imene timaikwirira m'benchi la dothi, kenako umatulukira panja pa chumuni. Dothi limamwa kutenthako n'kumakubwezerani pang'onopang'ono.”

“Ndingathe kumanga ndekha?”

“Zambiri mungathe, poti ndi njerwa zowotcha, dothi, mchenga, utuchi ndi udzu. Koma mgolo ndi chumuni mundisiyire ine. Mgolo umene munali mafuta kapena mankhwala sitiudula mwachisawawa, umaphulika. Ndipo penti yake tiyenera kuiwotchera panja, kutali ndi mphuno za bambo anuwo.”

Ntchito inayamba sabata yomweyo. Telala anaphimba makina ake, n'kumanga nsalu m'chiuno. Anasuntha kabati ndi mipando, n'kuyala njerwa pansi kufupi ndi khoma la pabalaza, kutali ndi makatani. Manja ozolowera singano anaphunzira kugwira chipande chomangira. Anaponda dothi ndi mchenga mpaka zidendene kung'aluka, anzake awiri oyandikana nawo akumuthandiza uku akumuseka kuti akusoka diresi la mgolo. Kuzungulira kansanja kaja anapakira dothi losakaniza ndi utuchi wambiri, poti mmisiri ananenetsa kuti pamenepo kutentha sikuyenera kuthawa. Mmisiriyo anabwera ndi mgolo wowotcha kale, n'kuuvundikira pa kansanja kaja, kusiya kampata pamwamba pake. Analumikiza mapaipi, n'kumata polumikizira paliponse. Anasiyanso timakomo tiwiri tochotsera phulusa, ndipo chumuni anachikweza mpaka chinapitirira denga.

A Tochi ankaonerera zonsezi ali pampando pakhomo, atafunda bulangete, ngati kapitawo amene sanamufunse maganizo.

“Amisiri,” anatero tsiku lina, “ine ndawotha moto moyo wanga wonse. Moto woyenda cham'mbali sindinauonepo. Nanga motowo ukakhala m'kati mwa mgolo, munthu aziwotha chiyani? Aziyang'ana chiyani?”

“Aziyang'ana adzukulu, bambo,” anayankha mmisiri. “Moto mwauyang'ana mokwanira.”

Anadikira kuti dothi liume, akumasonkha timoto ting'onoting'ono kuti lisang'aluke. Tsiku loyatsa kwenikweni, mmisiri anaimika tinkhuni touma, tonenepa ngati chala, m'kakamwa kaja. Anayatsa kapepala n'kukakankhira m'kanjira. Malawi anazengereza pang'ono, kenako anawerama n'kuthamangira m'kati, ndipo mgolo unayamba kulilima chapansipansi. Telala anathamangira panja kukayang'ana chumuni. Utsi unatuluka pang'ono poyamba, kenako kunangotsala kampweya koyera. Atabwerera m'nyumba anapeza bambo ake atatambasulira manja kumgolo, nkhope ili gwa, kuchitira kuti asaoneke ngati agonja.

Mmisiri asanachoke anapereka malamulo. Nkhuni zikhale zouma ndi zazing'ono. Pakamwa pa mbaula pasatsekedwe moto ukuyaka. Kazenera kakang'ono ka pamwamba kazikhala kotsegula. Phulusa lizichotsedwa, chumuni chiziyenderedwa, ndipo ana asayandikire mgolo ukatentha. Telala anamvetsera zonse. A Tochi anangoti, “Tamva,” koma anali “tamva” wa munthu amene khutu lili kwina.

Masiku oyamba zinthu zinayenda bwino. Telala ankasonkha madzulo, benchi n'kufunda, bambo ake n'kugona pamenepo pa kamatiresi kopyapyala. Kutsokomola kunayamba kuchepa. Mtima wake unakhala pansi, mwina msanga kwambiri.

Tsiku lina kunacha ndi kamvula kowaza ndi mphepo yolasa m'mafupa. Telala anali ndi mayunifolomu oti akapereke kusukulu ina, ndipo masana anasonkha moto, n'kuwauza bambo ake kuti azingowonjezera tinkhuni mpaka mtolo umene anawasiyira uthe. Pobwerera, ali chapatali, anayang'ana padenga mwachizolowezi. Pachumuni panalibe kanthu. Atafika pakhonde anaona utsi ukutuluka pansi pa chitseko.

Anakankha chitseko, utsi n'kumumenya m'maso. Bambo ake anali atakhala pansi, atatsamira benchi, mutu utagwera pachifuwa. Anakuwa, n'kuwagwira m'khwapa, n'kuwakokera panja ndi mphamvu zimene sankadziwa kuti ali nazo. Oyandikana nawo anathamangira. Wina anatsegula mawindo onse, wina anakaitana galimoto. Telala atasuzumira m'nyumba kuti atenge bulangete, anaona chilata chitavundikira pakamwa pa mbaula, pamwamba pake atatsindikapo njerwa. Kazenera kaja kanali katatsekedwa ndi chiguduli.

Kuchipatala anawaika a Tochi pa mpweya, ndipo patapita nthawi anatsegula maso. Achimwene aja anafika ali lawilawi.

“Ndinanena ine! Mawa ndikubwera ndi hamala, chimgolo chimenecho chichoke. Ukufuna kutiphera bambo?”

Mawuwo anamulasa Telala, chifukwa nayenso ankadzifunsa zomwezo. Analira mosabisa. Namwino uja, amene anali akukonza botolo la madzi pambali pa bedi, anatembenuka.

“Hamalayo ibayembekeza kaye, bambo. Tisanaweruze mbaula, timve zimene zinachitika.” Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi wodwalayo. “Bambo, tandiuzani. Munachita chiyani ndi moto uja?”

A Tochi anayang'ana kudenga kwa kanthawi. “Ndinaukonza,” anatero ndi mawu osasa.

“Munaukonza bwanji?”

“Unkadya nkhuni ngati wamisala. Ukaika kankhuni, katha. Ukaika kena, katha. Mtima unandipweteka. Ndinakatenga chikuni chachikulu kuseri, chonyowa pang'ono, chifukwa chonyowa ndicho chimakhalitsa. Ndinachilowetsa, n'kuthira phulusa pamwamba, n'kuvundikira ndi lata kuti uzinyeka pang'onopang'ono.” Anapumira kaye. “Kugeti timatero, mayi. Nkhuni amakupatsa zochepa, usiku ndi wautali. Mlonda amene moto wake wazima kusanache, ameneyo ndi chitsiru, anzake amamuseka. Ine wanga sunazimepo.”

Telala anawayang'ana bambo ake, ndipo mkwiyo umene unali utayamba kumukwera unasungunuka. Anaona kuti mkuluyu sanachite mwano. Anachita chinthu chokhacho chimene chinamusunga wamoyo zaka zonse zimene ankazizidwa panja kuti ana ake adye ndi kuphunzira.

Namwino sanawakalipire. “Kugeti munkachita bwino, bambo, chifukwa kunali panja, utsi unkapita ndi mphepo. M'nyumba moto wonyeka ndi umene umapha. Moto ukasowa mpweya umatulutsa poizoni uja, ndipo mutatseka pakamwa pa mbaula ndi kazenera, utsi unasowa njira, n'kubwerera kwa inu. Mbaula imeneyi imafuna moto waukali wa kanthawi kochepa. Ukatha, muuleke uzime.”

“Uzime?” anafunsa a Tochi, ngati awauza kuti asiye geti lotsegula.

“Uzime ndithu. Kutentha kumakhala kwalowa kale m'dothi.” Kenako anatembenukira kwa achimwene aja. “Ndipo inu, mukagumula mbaulayo, bambowa abwerera ku makala a kuchipinda. Kumeneko ndiye kulibe ndi chumuni chomwe. Ngati mukufuna kuthandiza, kawazeni chikuni chija chikhale tinkhuni, muike pouma.”

Achimwenewo anakanda m'mutu, n'kung'ung'udza kuti iwo ankangonena. Koma Loweruka lotsatira anabweradi, atanyamula nkhwangwa.

A Tochi atatuluka, mmisiri anabwera osaitanidwa. Anatsegula timakomo tija, anachotsa mwaye umene chikuni chonyowa chinasiya, anakwera padenga kukaona chumuni, n'kumatanso pamene panaoneka kamng'alu. Kenako anachita chinthu chimene Telala sanachiganizire. Anapereka machesi kwa a Tochi.

“Lero musonkha ndinu, bambo. Ine ndingoonerera.”

Mkuluyo anaimika tinkhuni, anayatsa, mgolo n'kulilima. Anawonjezera, anawonjezeranso, mpaka mtolo unatha. Malawi atayamba kuchepa, dzanja lawo linayamba kufufuza chinthu chovundikirira, koma mmisiri analigwira mwaulemu. Anakhala pamenepo onse atatu, kuonerera makala omaliza akusanduka phulusa. Kwa a Tochi chinali chinthu chowawa kuona, ndipo sanabise.

“Wazima,” anatero mwachisoni.

“Tsopano gwirani apa,” anatero mmisiri, akuika dzanja la mkuluyo pabenchi. “Moto wazima, koma mnzanuyu walowa ntchito. Ulonda musiyireni iyeyu. Moto ukazimiratu, phulusa lokhalokha, pamenepo ndiye mutha kuvundikira pakamwapo kuti mphepo isabe kutentha. Lata lanu lija silinalakwe, munangofulumira nalo.”

A Tochi anasiya dzanja pabenchipo nthawi yaitali. “Ndiye kuti lata ndilisunge?”

“Lisungeni, bambo. Koma chiguduli cha pazenera chija mundipatse, ndikapukutire zitsulo.”

Kuyambira tsiku limenelo, kusonkha moto inakhala ntchito ya a Tochi, ndipo anaigwira mwa ulonda weniweni. Ankasankha tinkhuni kamodzikamodzi, konyowa n'kukabweza padzuwa. Mlendo akayerekeza kuponya chikuni chachikulu, ankamudzudzula ngati kuti nzeruyo anabadwa nayo. Telala ankangomwetulira ali pamakina ake. Analibe mawu okwanira othokozera anthu amene anamuthandiza, choncho anathokoza ndi singano. Mmisiri anamusokera ovolosi yatsopano ya nsalu yolimba, ndipo amayi odikirira odwala kuchipatala kuja anawasokera zoyala pabenchi lawo, n'kukazipereka kudzera kwa namwino. Namwinoyo atapima chifuwa cha a Tochi ulendo umenewo, anagwedeza mutu n'kunena kuti mapapo okalamba sabwerera ku unyamata, koma awa asiya kulira.

Chisanu chinafika pachimake. M'mawa wina, umene madzi a m'ndowa ankachita kuluma zala, Telala anadzidzimuka kutayera kale. Anagona chagada, kudabwa chimene chamudzutsa. Kenako anazindikira kuti palibe chamudzutsa. Zaka zonse zimene bambo ake anakhala m'nyumbamo, iye ankadzuka ndi kutsokomola kwawo kwa mbandakucha. Lero m'nyumba munali zii.

Anathamangira pabalaza osavala ndi nsapato zomwe. Bambo ake anali atagona chammbali pabenchi, bulangete litatsetserekera m'miyendo, osagwedezeka. Anagwada pambali pawo, akuopa kuwagwira. Anayang'anitsitsa, ndipo anaona chifuwa chikukwera, chikutsika, chikukweranso, mwakachetechete ngati cha mwana. Anakhala pansi pomwepo, misozi n'kuyamba kutsika yokha.

A Tochi anatsegula diso limodzi. Anayang'ana kuwala kwa pazenera, n'kudzambatuka.

“Kwacha? Iwe, bwanji osandidzutsa? Ndagona mpaka dzuwa kutuluka, ine?”

“Gonani, Bambo. Palibe amene akuchotseni ntchito.”

Mkuluyo anamuyang'ana mwana wake, anaona misozi, anaonanso zidendene zong'aluka ndi dothi zija. Anakoka mpweya wautali mpaka pansi pa chifuwa, n'kudikira chifuwacho kuti chiyankhe monga mwa masiku onse. Sichinayankhe. Anatambasula dzanja n'kugwira la Telala.

“Mwana wanga,” anatero, “ndinali nditaiwala kuti kupuma sikupweteka. Zikomo.”

Phunziro: Kufunditsa nyumba kusatiphetse. Makala kapena nkhuni zoyaka m'nyumba yotseka zimatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka ndi wosanunkha, ngakhale makalawo atafiira. Mbaula ya roketi imathandiza ikamangidwa mothandizidwa ndi munthu woidziwa, ili ndi chumuni chotulukira panja. Isonkhedwe ndi tinkhuni touma, isatsekedwe moto ukuyaka, ndipo m'nyumba muzilowa mpweya. Chinthu chatsopano chikabwera pakhomo, aliyense amene adzachigwiritse ntchito aphunzitsidwe moleza mtima, makamaka akuluakulu amene anazolowera njira ina. Munthu akamva mutu, chizungulire kapena tulo tachilendo pafupi ndi moto, mutulutsireni panja msanga ndipo thamangirani naye kuchipatala.